Masautso a Tess: mafunso ndi mayankho kwa owerenga a m'chigwa cha Shire

Buku la Tess of the d'Urbervilles limasiya owerenga ali ndi mkwiyo. Ena amakwiyira mtsikanayo, ena amuna awiri amene anamuzunguza, ena mlembi mwini wake. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira a ku sekondale, aphunzitsi anzanga ndi ena okonda kuwerenga kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ngati simunalimalize ndipo simufuna kudziwiratu mathero, lekezani pa funso loyamba, chifukwa kuyambira lachiwiri ndaulula zonse.

Kodi bukuli analemba ndani, ndipo liti?

Analemba ndi Thomas Hardy wa ku Dorset, kummwera chakumadzulo kwa England. Anabadwa mu 1840, namwalira mu 1928. Bambo ake anali mmisiri womanga ndi miyala, ndipo iye anayamba waphunzira ntchito yojambula mapulani a nyumba asanatchuke ngati mlembi. Nthano ya Tess inatuluka mu 1891, poyamba pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu yotchedwa The Graphic, kenako ngati buku. Ili ndi mitu 59 yogawidwa m'zigawo 7.

Akonzi angapo anayamba aikana, ati ndi yolaula. Kuti The Graphic iilandire, Hardy anachotsamo za usiku wa m'nkhalango ndi za ubatizo wa khanda. Ngakhale pamene mnyamata akunyamula atsikana m'manja kuwaolotsa pamsewu wosefukira madzi, anasintha kuti awakweze pa wilibala, kuopa kuti owerenga angaone ngati zachiwerewere. Zochotsedwazo anazibwezera pamene nkhaniyi inatuluka ngati buku.

Tandifotokozerani nkhani yake mwachidule.

Tess Durbeyfield ndi mwana woyamba m'banja losauka la m'mudzi wa Marlott. Bambo ake, a John, ankachita kageni koyendayenda ndi ngolo, koma nthawi yambiri ankathera ku mowa. Tsiku lina m'busa wokonda kufukula mbiri za mabanja anawauza kuti dzina lawo lenileni ndi d'Urberville, fuko la anthu olemekezeka akalekale limene linazilala. Hatchi ya pakhomopo itafa, makolo anatumiza Tess kukadziwonetsa kwa banja lolemera la dzina lomwelo ku Trantridge. Anthuwo sanali achibale ngakhale pang'ono: anali a Stoke, amene analemera ndi malonda n'kungotola dzina lakalelo kuti amveke apamwamba. Mwana wawo wamwamuna, Alec, anamuwononga Tess. Anabwerera kwawo ali ndi pakati, ndipo mwanayo anamwalira ali wakhanda.

Patapita zaka ziwiri ndi miyezi, anapeza ntchito yokama ng'ombe pa famu ya Talbothays, kumene anakondana ndi Angel Clare, mwana wa abusa amene ankaphunzira ulimi. Usiku wa tsiku la ukwati wawo anaululirana zakale. Tess anakhululuka, Angel anakana, n'kupita ku Brazil. Tess anavutika ndi ntchito zakalavulagaga, bambo ake anamwalira, banja linathamangitsidwa m'nyumba, ndipo pomaliza anabwerera m'manja mwa Alec. Angel atabwerako kudzapepesa, Tess anabaya Alec ndi mpeni. Anathawa ndi Angel kwa masiku ochepa, apolisi anamugwira m'bandakucha pa miyala yakale ya Stonehenge, ndipo ananyongedwa.

Mavuto ake anayambira pati kwenikweni? Ambiri amati m'nkhalango muja.

Ine ndimati anayambira pa hatchi, m'mutu wachinayi. A John anayenera kupita ndi ming'oma ya njuchi ku msika wa ku Casterbridge usiku, koma anali ataledzera ndi chimwemwe cha dzina latsopano. Tess, mtsikana wazaka pafupifupi 16, anadzuka pakati pa usiku nanyamuka ndi kamlongo kake Abraham. Tulo tinamuba panjira, nyali inazima, ndipo mtengo wakutsogolo wa ngolo yonyamula makalata unalasa hatchiyo pachifuwa. Tess anayesa kutseka bala ndi dzanja, magazi n'kumuthira thupi lonse.

Wowerenga wa m'tauni amadutsa pamenepa mothamanga, n'kumati ndi chiweto chabe. Koma banja la ku Ngabu limene linaferedwapo ng'ombe yokoka ngolo, kapena wakabaza wa ku Nchalo amene anaberedwapo njinga, sasowa womufotokozera. Hatchiyo, dzina lake Prince, ndiyo inali mpamba wonse wa pakhomopo. Itafa, geni inafera pomwepo.

Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti palibe anamukalipira Tess kwambiri kuposa mmene anadziimbira mlandu yekha. Kupita kwa olemerawo sankafuna, chifukwa anali ndi ulemu wake. Hatchi itafa, analibenso pakamwa pokanira. Bambo woledzera uja sanadzione wolakwa. Anakana ngakhale kugulitsa mtembo wa hatchiyo, ati munthu wa fuko lapamwamba sachita zimenezo, ndipo anakumba dzenje loikwiriramo ndi mphamvu imene sanaionetsepo m'munda kwa miyezi. Timati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. M'nyumba ya a Durbeyfield zinatembenuka: anadya ndi akulu, m'mimba munapota mwana.

Nanga mayi ake anali kuti?

Analipo, ndipo ndi amene anamuchapira ndi kumuveka diresi loyera pomutumiza ku Trantridge. Mayi Joan sanali munthu wankhanza. Anali mayi wotopa, wa ana ambiri, wokonda kuimba, wokhulupirira kabuku kolosera zam'tsogolo. Anaona kuti mwana wawo ndi wokongola ndipo anawerengera kuti mnyamata wolemerayo amukwatira. Pamene Tess anabwerera, chimene chinawapweteka poyamba si chimene chinachitikira mwana wawo, koma kuti walephera kumugwira mwamunayo kuti amange banja.

Apa m'pamene Tess anafunsa funso lopweteka kwambiri m'buku lonse: bwanji simunandichenjeze kuti amuna ndi oopsa? Ananenanso kuti ana a olemera amadziwa misampha imeneyi chifukwa amawerenga mabuku, pamene iye analibe mwayi wotero. Mayiyo anavomera kuti anaopa kuti akamuchenjeza, adzamuuma mtima mnyamatayo n'kutaya mwayi. Tess anali wanzeru kusukulu ndipo ankalakalaka uphunzitsi. Zimenezo palibe anaziwerengera.

Aphunzitsi, tinene zoona: anagwiriridwa kapena anavomera?

Funso limeneli limagawa kalasi pakati. Hardy sanafotokoze chochitikacho mwatsatanetsatane, pa chifukwa chimene tanena kale cha akonzi ndi owerenga a nthawi yake. Koma taonani zimene anaika poyera m'mitu 10 ndi 11. Unali usiku, Tess atatopa ndi ntchito ya mlungu wonse. Anakwera hatchi ya Alec pothawa ndewu ya akazi anzake oledzera. Alec anasocheretsa njira dala, n'kulowa naye m'nkhalango yotchedwa The Chase, muli nkhungu. Anamusiya pa masamba ouma, ndipo pobwerako anamupeza ali m'tulo, misozi ili m'zikope. Patsogolo pake, amayi ogwira ntchito m'munda akunong'onezana kuti anthu ena anamva kulira m'nkhalangomo usiku umenewo.

Amene amati anavomera amaloza kuti anakhalabe ku Trantridge milungu ingapo pambuyo pake, ndipo iye mwini ananena kuti maso ake anachita chidima kwa kanthawi. Zoona. Koma funsani kuti akanapita kuti. Alec anali bwana wake, mwana wa mwini nyumba, ndiponso usiku womwewo anali atangomuuza kuti wagulira bambo ake hatchi ina ndi kupatsa ana zoseweretsa. Mtsikana wogona tulo savomera kanthu, ndipo wantchito amene banja lake lonse ladyetsedwa ndi bwana alibe ufulu wokana umene ife owerenga timamuyembekezera. Kwa ine nkhaniyi ndi yogwirira.

Chifukwa chiyani anabatiza yekha mwana wake? Kodi zimenezo n'zololedwa?

Mwanayo atadwala usiku, Tess anafuna kuitana abusa. Bambo ake anakhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba, ati m'busa asalowe kudzaona manyazi a banja lolemekezeka. Tess ankakhulupirira zimene anaphunzitsidwa, kuti khanda losabatizidwa likupita kumoto. Choncho anadzutsa abale ake aang'ono, nawagwaditsa mozungulira beseni, namubatiza mwanayo dzina lakuti Sorrow, ndiye kuti Chisoni. Kutacha anamwalira.

Mipingo ya Katolika ndi Anglican imavomereza kuti pangozi ya imfa munthu wamba akhoza kubatiza, ndipo m'bukumu m'busa wa m'mudzimo, atafunsidwa, anati ubatizowo uli chimodzimodzi. Koma mwambo wa maliro anakana. Khandalo linaikidwa usiku, pakona ya manda pamene ankaikapo osabatizidwa, zidakwa ndi odzipha, Tess atapereka kandalama ndi mowa kwa wosamalira manda. Anamanga mtanda wa timitengo tiwiri, naika maluwa m'botolo la jamu.

Akhristu ena amakhumudwa ndi mutu 14 umenewu, n'kumati Hardy ankadana ndi Mulungu. Anali ndi mafunso ake pa chikhulupiriro, zimenezo sitingabise. Koma amene akuwadzudzula pano ndi anthu: bambo wonyada, m'busa woopa malamulo a mpingo kuposa misozi ya mayi, ndi munthu uja woyendayenda ndi utoto wofiira, wolemba mavesi achiweruzo pamakoma, amene analibe vesi limodzi lachifundo loti amulembere mtsikana wobwerera kwawo atasweka mtima.

Mayi ake anamulangiza kuti asaulule. Akanamvera, si bwenzi banja lili bwino?

Amayi ambiri akuluakulu amene ndakambirana nawo amaima ndi mayi Joan pamenepa. Amati za kumbuyo sauza mwamuna, ndipo akazi ambiri akhala m'mabanja mpaka kukalamba ndi chinsinsi chawo. Mwina banja likanakhalapo. Koma Tess sanali munthu wotha kudya ndi kugona ndi bodza, makamaka kwa mwamuna amene ankamuona ngati mulungu.

Kumbukiraninso kuti anayesa kuulula ukwati usanachitike. Anayamba kangapo, mawu n'kumuthawa. Kenako analemba kalata n'kuilowetsa pansi pa chitseko cha chipinda cha Angel. M'mawa mwake Angel anamupsompsona ngati kale, Tess n'kuganiza kuti wawerenga ndipo wakhululuka. Pa tsiku la ukwati lenilenilo m'pamene anapeza kalatayo ili pansi pa kapeti, yosatsegula. Anayesanso kulankhula m'mawa womwewo, Angel n'kumuuza kuti zolakwa adzauzana pambuyo.

Ndipo anayamba kuulula ndi Angel. Anati ku London anakhalapo masiku awiri akuchita zachisembwere ndi mkazi wachilendo. Tess anasangalala, osati ndi tchimolo, koma poganiza kuti tsopano ali pamodzi, akhululukirana. Chigawo chotsatira cha bukuli Hardy anachipatsa mutu wonena kuti wolipira ndi mkazi.

Woipa kwambiri ndani, Alec kapena Angel?

Alec ndi woipa wosabisala. Amasuta ndudu yake, amathamangitsa ngolo dala kuti mtsikana amugwire m'chiuno, ndipo amadzinenera yekha kuti ndi munthu woipa. Ngakhale kutembenuka mtima kwake n'kwapakamwa: anakhala mlaliki, koma atangomuonanso Tess anataya ulaliki, n'kumuimba mlandu kuti ndiye wamugwetsa. Anafika pomulumbiritsa pa mwala wina wa pamphambano kuti asadzamuyesenso ndi kukongola kwake, ngati wolakwa ndi iye.

Angel ndi wovuta kumuweruza chifukwa amaoneka bwino. Ndi wophunzira, wofatsa, woimba zeze. Anakana ziphunzitso zina za mpingo wa bambo ake, n'chifukwa chake sanamutumize ku yunivesite ya Cambridge ngati akulu ake. Ankadzitama kuti saweruza anthu potengera miyambo yakale. Koma mkazi wake atamuuza zoona, zonsezo zinasungunuka. Anamuuza kuti amene ankamukonda ndi mkazi wina wooneka ngati iye. Apa m'pamene pali vuto lake lonse: sanakonde Tess, anakonda chithunzi cha namwali wa kumudzi chimene anajambula m'mutu mwake. Ankamutchula ngakhale mayina a milungu yachikazi ya Agiriki, Tess n'kumupempha kuti azingomuitana dzina lake.

Pali zinthu ziwiri zimene owerenga amaiwala. Asananyamuke kupita ku Brazil, Angel anapempha Izz, mnzake wa Tess wokama naye ng'ombe, kuti apite naye ngati mkazi wake wapambali. Anabweza maganizo pokhapokha Izz atanena zoona, kuti palibe angamukonde kuposa Tess. Chachiwiri, ndi Angel amene anauza Tess kuti sangakhalire pamodzi mwamuna winayo akadali moyo. Mawu amenewo anakhazikika mumtima mwa mtsikanayo mpaka tsiku la mpeni.

Mukandikakamiza kusankha, ndinena kuti Alec anamuwononga koma Tess anadzukanso, chifukwa ku Talbothays anasekanso, ananenepa, anakondanso. Chimene anamuchita Angel sanadzukenso nacho.

Kunalibe ankhoswe? Bwanji sanakadandaule kwa apongozi ake?

Ukwati wawo unalibe wachibale ndi mmodzi yemwe, wa kuchimuna kapena kuchikazi. Choncho banja litagwedezeka panalibe wokhala nawo pansi. Makolo a Angel anali asanamuonepo mpongozi wawo, ndipo sanauzidwe chimene chinalekanitsa awiriwo.

Tess anayesa kamodzi. Lamlungu lina m'nyengo yachisanu anayenda wapansi makilomita oposa 20 kupita ku Emminster, kwa apongozi akewo. Atayandikira anavula nsapato zake zokhakhala, nazibisa mumpanda wa zitsamba, navala zabwino. Anagogoda, koma onse anali kutchalitchi. Ali panjira anamva akulu ake a Angel akunyoza ukwati wa mng'ono wawo ndi mtsikana wokama ng'ombe, ndipo mayi wina wopemphera amene anali nawo anatola nsapato zija kuti akapatse osauka. Tess analira, nabwerera osaonana ndi apongozi. Mlembi akutiuza poyera kuti abusa okalambawo akanamulandira, chifukwa mtima wawo unali wofewa kwa ochimwa.

Kodi ankhoswe akanathandiza? Mwina akanamubweza Angel panjira ya ku Brazil, kapena kumukakamiza kusiya thandizo lokwanira. Koma tisadzinamize. Ankhoswe omwewo akhoza kumva nkhani ya m'nkhalango n'kugamula kuti mnyamata ananamizidwa, wakuchikazi apepese. Zimatengera kuti pabwalopo pakhala ndani.

Mitu ya ku Flintcomb-Ash ndi yotopetsa. Ndingaidumphe?

Musaidumphe, chifukwa m'menemo ndi mmene muli yankho la funso lotsatirali. Ndalama zimene Angel anasiya zinatha msanga, zambiri zitapita kwa makolo a Tess, zina zofolerera denga. Iye anachita manyazi kupempha zina. Anameta nsidze, namanga nsalu kumaso kuti amuna asamuvutitse panjira, nakalembedwa ntchito pa famu ya nthaka yamiyala ya Flintcomb-Ash. Mwini famuyo ankakonda kulemba akazi chifukwa malipiro awo anali otsika, ndipo anali munthu yemwe Angel anamumenyapo chibakera chifukwa chonyoza Tess. Ngongole ya chibakera chimenecho anabweza ndi Tess.

Ntchito yake inali kukumba zotsalira za mbewu ya mizu yodyetsa ziweto, mvula yozizira ikumulowa mpaka m'mafupa. Kenako kunabwera makina opunthira tirigu oyendera nthunzi. Tess anamuika pamwamba pa makinawo kuti azimasula mitolo, ntchito yosalola kupuma chifukwa makina sadikira munthu. Thupi lonse likunjenjemera, pansi pataima Alec atavala bwino, akudikira nthawi ya nkhomaliro kuti amuuze kuti zonsezi zikhoza kutha lero lomwe. Pa nthawi ina Tess anamumenya pakamwa ndi gulovu yachikopa mpaka magazi. Usiku wa tsiku lomwelo analembera Angel kalata yomuchonderera kuti abwere asanagwe. Aliyense amene anagwirapo ganyu yolipidwa pa ndime awerenge mitu 43, 47 ndi 48, aone ngati Hardy ankalemba zongomva.

Ngati ankadana naye choncho, anabwereranji kwa Alec?

Chifukwa cha nyumba. Nyumba ya a Durbeyfield inali ya mgwirizano wa lendi wotha ndi moyo wa anthu atatu otsatizana, ndipo a John anali omaliza. Atangomwalira, mwini malo anaifuna kuti aikemo antchito ake. Anthu a m'mudzimo sanawaikire kumbuyo, ati banjalo silipereka chitsanzo chabwino, ndipo kubwera kwa Tess kudzadwazika mayi ake kunakumbutsa anthu nkhani yakale. Pa 6 Epulo, tsiku limene antchito a m'mafamu ankasamuka, mayi wamasiye ndi ana anakweza katundu pangolo kupita ku Kingsbere. Atafika anapeza zipinda zimene anapangana zatengedwa. Anatsitsa bedi panja, pafupi ndi khoma la tchalitchi, pambali pa manda a makolo awo olemekezeka aja.

Amene anagonapo panja ndi katundu ndi ana, madzi atalanda mudzi mu 2015 kapena namondwe Freddy atadutsa mu 2023, akudziwa kuti pa nthawi yotero munthu woyamba kufika ndi denga amamveka mawu kuposa wina aliyense. Woyamba kufika anali Alec. Anali atamuuza kale Tess mobwerezabwereza kuti mwamuna wake sadzabweranso, ndipo makalata ake anali osayankhidwa. Hardy sanationetse n'komwe tsiku limene Tess anagonja. Timangomupeza ku Sandbourne, m'nyumba ya alendo yapamwamba, atavala zodula, akulankhula ngati munthu amene mzimu unachoka kale m'thupi.

Ndiye tinene kuti linali tsoka lobadwa nalo?

Bukuli lili ndi zambiri zokopa munthu kuganiza choncho. Tambala analira masana pa tsiku la ukwati, anthu a pafamupo n'kuti ndi malodza. Pali nthano ya ngolo yamizimu ya a d'Urberville imene amaimva a magazi a fukolo okha. Usiku wa hatchi uja, Tess anauza Abraham kuti nyenyezi ndi maiko, ambiri abwino, ochepa ofumbwa, ndipo ife tili pa lofumbwa. Ndime yomaliza ya buku imanenanso kuti wamkulu wa milungu wamaliza kusewera naye. Anthu a ku Marlott nawo ankangoti zinalembedwa.

Koma tatengani ngozi iliyonse muifunse. Tess anagona pangolo chifukwa bambo analedzera. Kalata inalowa pansi pa kapeti, inde, koma ikanawerengedwa, Angel akanakhala munthu wina? Nsapato zinatoledwa mwangozi, koma mawu onyoza amene anamubweza anatuluka pakamwa pa anthu ophunzira za Mulungu. Imfa ya a John inali ya matenda a mtima, koma lamulo la lendi ndi miseche ya m'mudzi anapanga ndi anthu. Tsoka silinunkha, n'zoona, koma la Tess nthawi zambiri linkabwera ndi nkhope ndi dzina. Ndimaona kuti mawu akuti zinalembedwa amatonthoza kwambiri amene anali ndi mphamvu yosintha zinthu koma sanatero.

Munthu wopha mnzake angatchedwe bwanji wangwiro? Kodi mlembi akuvomereza kupha?

Pansi pa dzina la bukuli Hardy analembapo kuti ndi nkhani ya mkazi wangwiro. Ananena yekha kuti mawuwo anawawonjezera pa mapeto penipeni, atamaliza kuwerenga zokasindikiza, ndipo ndi amene anautsa mkangano waukulu m'manyuzipepala a nthawiyo. Sanabise kuphako. Mwini nyumba ya alendo, mayi Brooks, anaona kadontho kofiira pa siling'i yoyera kakukula pang'onopang'ono, ndipo anali magazi a Alec ochokera m'chipinda chapamwamba. Tess sanakane mlandu. Apolisi atamuzungulira pa Stonehenge anadzuka nati ndi wokonzeka.

Chimene Hardy ankatsutsa ndi muyeso umene anthu ankayesera mkazi, woyang'ana chimene chinachitikira thupi lake osati chimene mtima wake unkafuna. Pa muyeso umenewo Tess anali ataweruzidwa kale zaka zambiri mpeni usanagwiridwe. Ali ndi zaka 16, mu 1856, Hardy anaonerera kunyongedwa kwa Martha Brown ku Dorchester, mayi amene anapha mwamuna wake, ndipo anakumbukira zimenezo mpaka ukalamba. Kunyonga anthu pagulu kunathetsedwa ku England mu 1868, n'chifukwa chake m'bukumu imfa ya Tess timaidziwa ndi mbendera yakuda yokwezedwa pansanja ya ndende.

Zikanachitika kuno lero, malamulo athu akanamuteteza?

Papepala, kwambiri ndithu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mtsikana wochitidwa nkhanza akhoza kukadandaula ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Kuyambira mu 1993 pali ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa mkazi ndi ana bambo akamwalira, nkhani yodziwika bwino kuno kumene mabanja ambiri amalowola ndipo mkazi amakhala kwa mwamuna. Pa mlandu wakupha, khoti lalikulu linagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti chilango cha imfa chisakhale chokakamiza, ndiye woweruza akhoza kumva zonse zimene munthu anadutsamo. Dziko lino silinanyonge munthu chiyambire 1992.

Koma lamulo limathandiza amene wafika kumene kuli lamulolo. Mtsikana amene banja lake likudya za mwamuna yemwe wamulakwira, ndani amuperekeze kupolisi?

N'chifukwa chiyani anapempha Angel kuti akwatire mng'ono wake?

Ankafuna kuti mng'ono wakeyo, 'Liza-Lu, asamalidwe, ndipo ankamuona ngati iye mwini asanawonongedwe. Owerenga ambiri zimawanyansa kuti Angel akuchoka pa phiri pamene anaonera mbendera yakuda ija atagwirana manja ndi mlamu wake, ndipo nanenso sizindikomera. Dziwaninso kuti pa nthawiyo lamulo la ku England silinkalola mwamuna kukwatira m'bale wa mkazi wake womwalira. Linasintha mu 1907.

Kodi ndi loyenera ana asukulu, ndipo ndingalipeze kuti?

Kwa a Fomu 3 ndi 4 ndi loyenera, makamaka ngati pali wamkulu wokambirana nawo. Mulibe mawu otukwana kapena zolaula. Chimene ndimapempha aphunzitsi ndi chakuti asalisandutse chikwapu choopsezera atsikana, ngati kuti phunziro lake ndi lakuti osakwera galimoto ya mwamuna usiku. Anyamata ndi amene ayenera kufunsidwa mafunso ambiri, makamaka okhudza Angel, chifukwa ambiri a iwo sadzakhala Alec koma akhoza kukhala Angel mosavuta.

Bukuli ndi lakale moti aliyense ali ndi ufulu wolisindikiza, choncho limapezeka laulere pa intaneti, monga pa Project Gutenberg, ndipo mukhoza kulitsitsira pafoni ndi bandulo yaing'ono. Chingerezi chake n'cholemera. Mlembi amakonda mawu aatali, ndipo anthu a m'midzi amalankhula chilankhulo cha ku Dorset chimene mtanthauziramawu wamba sathandiza kwenikweni. Mawu a mayi Joan ndi a John mukawawerenga mokweza amamveka msanga kuposa kuwayang'ana ndi maso. Mayina ambiri a malo ndi opeka koma akuimira malo enieni: Casterbridge ndi Dorchester, Sandbourne ndi Bournemouth, ndipo Wintoncester, kumene kuli ndende, ndi Winchester.